Kalata kwa a Nduna ya Zamaphunziro: bwerani mudzakhale nafe m'Sitandade 1

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, ndi inu nonse amene mumagawa aphunzitsi ndi mabuku m'maboma,

Ndikulemba kalatayi ndili kumudzi kwathu m'chigawo chapakati. Ndinagwira choko zaka 28, zambiri mwa zakazo m'makalasi a ana aang'ono, ndipo nditapuma anthu a m'dera lathu anandisankha kulowa m'komiti ya sukulu. Choncho pasukulu sindinachokepo. Ndimapitabe, kungoti tsopano ndimakhala kumbuyo n'kumamvetsera, ndipo zimene ndikumva ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Teremu yapitayi ndinapempha ahedi kuti andilole kucheza ndi ana a Sitandade 4 mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Anabwera mtsikana wa zaka 11, waukhondo, yunifolomu yake yachigamba koma yochapa bwino. Ndinamutsegulira buku la Chichewa pa tsamba limene anaphunzira sabata imeneyo. Anawerenga tsamba lonse mokweza, osapunthwa paliponse, mpaka mtima wanga unakhala pansi. Kenaka ndinaloza mawu amodzi a pakati pa tsambalo, mawu akuti "madzi", n'kumufunsa kuti, "Mwanangu, apa alemba kuti chiyani?" Anayang'ana chithunzi, nayang'ana nkhope yanga, nagwetsa maso. Ndinalemba "ma" pamchenga ndipo analitchula. Ndinalemba "dzi", anangoti zii. Mwanayu anali ataloweza tsamba lonse ndi makutu pamene kalasi inkabwereza pambuyo pa aphunzitsi, ndipo wakwera makalasi atatu m'njira imeneyo. Mutu wake ndi wakuthwa, pajatu kusunga tsamba lathunthu pamtima si ntchito yamasewera. Palibe amene anakhalapo naye pansi kumusonyeza kuti d, z ndi i zikakumana zimalira bwanji. Mwa ana amene ndinacheza nawo tsiku limenelo, amene anawerengadi sanakwane theka.

Inu muli ndi ziwerengero zoposa zanga. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, amene anachita a National Statistical Office mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, ndi 19 okha amene ali ndi luso loyambira la kuwerenga. Nditamva chiwerengerochi sindinadabwe, chifukwa ana 81 otsalawo ndimawadziwa mayina, ndimadziwa amayi awo, ndipo ena ndinawaphunzitsa ndekha.

Ndinalowa ntchito mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale. Ana anali pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo m'kanthawi kochepa anafika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo. Linali ganizo labwino ndipo sindidzalinyoza, chifukwa ana a amphawi amene akanatha moyo wawo kubusa anaona mkati mwa kalasi. Boma linalemba aphunzitsi masauzande osapita kukoleji, ine ndinali mmodzi wa iwo. Anatiphunzitsa masabata owerengeka n'kutipatsa choko. Satifiketi ndinadzaipeza pambuyo pake kudzera m'ndondomeko ya MIITEP, yophunzitsa aphunzitsi amene anali kale pantchito. Tsiku langa loyamba ndinaima pamaso pa khamu la ana okhala pafumbi, ena a zaka 6, ena a zaka 14 atabereka ang'ono awo kumsana. Chimene ndinkadziwa n'chimodzi: kunena mawu, iwo n'kubwereza. Ndinachita zimenezo zaka zingapo ndi mtima wonse, ndikukhulupirira kuti phokoso la kalasi ndi umboni woti ana akuphunzira.

Anandimasula maso ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa sukulu za mishoni zakale, amene anasamutsidwira pasukulu yathu atatsala pang'ono kupuma. Tsiku lina anapempha kukhala kumbuyo kwa kalasi yanga. Sanalankhule kanthu mpaka ana ataweruka. Kenaka anati, "Aphunzitsi, mawu anu ndi abwino, koma mwaphunzitsa mizere itatu yakutsogolo. Akumbuyowa amangoyasamula kukamwa potsatira anzawo." Mawa lake anatenga kalasi yanga, ine n'kukhala kumbuyo. Anaika ana m'magulu, anadula katoni ya sopo n'kulembapo maphatikizo, ndipo ankayenda pakati pawo akugwada pafupi ndi mwana mmodzi: iwe, ili ndi chiyani? Nanga tikaphatikiza ndi ili? Sabata yotsatira anabweranso kudzaona ngati ndagwira. Anatero pafupifupi teremu yonse. Maphunziro onse amene ndinapitako pambuyo pake, ena a m'maholo okongola okhala ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, sanandisinthe monga anandisinthira mayi amene uja.

Ndanena nkhaniyi chifukwa pempho langa lagona pomwepo. Mwana amapulumuka kapena kutayika m'Sitandade 1 ndi 2, ndipo m'sukulu zovutika kumeneko n'kumene timaikako chithandizo chochepetsetsa.

Chichewa si chilankhulo chovuta kuwerenga. Timalemba monga momwe timalankhulira. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo sasinthasintha kaliridwe. Mwana akagwira maliwu a malembo n'kudziwa kuphatikiza, ma, me, mi, mo, mu, amayamba kudziwerengera yekha mawu amene sanawaonepo. Pamene ambiri amakakamira ndi pa maphatikizo a malembo angapo: nkh, mph, nth, dz, ts, ny, ng', bz. Apa m'pofunika mphunzitsi wodziwa kuchedwa, wobwereza ndi zitsanzo zochokera m'mudzi, nkhuku, mphasa, nthochi, ng'ombe, mpaka khutu ndi diso la mwana zigwirizane. Ndinaona ndi maso anga ana a anthu osauka kwambiri akuwerenga nthano yaifupi asanamalize Sitandade 2. Tsono mwana akafika Sitandade 4 osatha kuwerenga "madzi", vuto tisalifune m'mutu mwake.

Ndikuyamikira kuti unduna unachitapo kanthu. Ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, imene aphunzitsi timangoti NRP, itayamba mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, inatibweretsera mabuku a mphunzitsi olongosola phunziro lililonse, inatikumbutsa kuyambira pa maliwu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mwana wa Sitandade 1 pasukulu yathu atagwira buku lakelake. Koma taonani mmene maphunziro a aphunzitsi anayendera. Akatswiri anaphunzitsa gulu loyamba, gululo linaphunzitsa alangizi a m'mazoni, alangiziwo n'kudzaphunzitsa ife pa TDC, malo ophunzitsira aphunzitsi a m'zoni, kwa masiku owerengeka nthawi ya tchuthi. Uthenga ukadutsa m'manja ambiri chotero umafika ngati phala limene aliyense wathirako madzi. Titabwerera kusukulu, ambiri sitinaonenso munthu wobwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi. Kenaka amene anaphunzitsidwa uja anakwezedwa kukaphunzitsa Sitandade 7, wina anasamutsidwa, wina anapuma, ndipo amene analowa m'malo mwawo anangopatsidwa buku la mphunzitsi long'ambika chikuto. Mu 2025 thandizo la USAID linatha padziko lonse. Funso limene tikufunsana kuno ndi lakuti ntchitoyi tsopano ili m'manja mwa ndani, ndipo ndalama yake ili pa mzere uti m'bajeti ya boma lathu.

Pali mwambo wina m'sukulu zathu umene sunalembedwe paliponse koma aliyense amaudziwa. Aphunzitsi amphamvu amapatsidwa Sitandade 8, chifukwa zotsatira za MANEB zikatuluka mphunzitsi wamkulu amafunsidwa kuti ana angati asankhidwa kupita kusekondale. Ku Sitandade 1 kumapita amene wabwera kumene, wophunzira wa kukoleji amene ali pa nthawi yoyeserera, kapena wodwaladwala amene akuti sangathe makalasi akuluakulu. Ndaonapo Sitandade 8 ya ana osakwana 50 ikugawanidwa ndi aphunzitsi atatu, wina masamu, wina Chingerezi, wina sayansi, pamene mtsikana mmodzi wongochoka kumene kukoleji akulimbana yekha ndi ana oposa 120 a Sitandade 1 pansi pa mtengo. Ndondomeko zanu zimati mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Mukawerengera sukulu yonse pamodzi chiwerengerocho chikhoza kuoneka chabwino papepala, pamene kalasi imene ikufunika manja ambiri ndi imene ili ndi munthu mmodzi. Sindikuwaimba mlandu ahedi. Iwo amathamangira kumene akufunsidwa. Mukayamba kuwafunsa kuti ana angati a Sitandade 2 akuwerenga, ndi mphamvu yomweyo imene mumafunsira za Sitandade 8, mudzaona okha akusamutsa aphunzitsi awo abwino kupita nawo kumunsi. M'mera mpoyamba, ndipo tonse timanena mwambiwu pamisonkhano, koma kagawidwe ka aphunzitsi kakunena zina.

Chonde, a Nduna, lamulani kuti amene waphunzitsidwa kuphunzitsa kuwerenga akhale m'makalasi oyambirira zaka zosachepera zitatu, ndipo zakazo ziwerengedwe pomukweza pantchito. Lero mphunzitsi akauzidwa kuti upita ku Sitandade 1 amamva ngati walangidwa, anzake amamufunsa kuti walakwanji. Zikasintha kuti kuphunzitsa ana aang'ono ndi njira yokwerera giredi, aphunzitsi abwino adzalimbirana okha kalasiyo.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti aphunzitsi alipo. Makoleji a ku Lilongwe, Blantyre, Kasungu, Karonga, Machinga, Phalombe, Chiradzulu, Bembeke ndi ena akutulutsa achinyamata chaka ndi chaka m'ndondomeko ya IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa kupulayimale. Ambiri amadikira zaka asanalembedwe ntchito. M'dera lathu muli mnyamata amene ali ndi satifiketi ya uphunzitsi m'chikwama koma akupalasa kabaza, ndipo m'mawa uliwonse amadutsa pafupi ndi kalasi ya ana 120 ija atanyamula thumba la chimanga. Luso limene analiphunzira likuchita dzimbiri. Kulemba aphunzitsi othandizira kwachepetsako vuto m'sukulu zina, koma munthu wolandira kandalama kochepa, kobwera mochedwa, wosadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo, sangaike mtima pa mwana amene akufunika zaka ziwiri. Ndipo mukawalemba, muwatumize kumene kuli ana. Sukulu za m'tauni ndi za m'mbali mwa msewu wa tala zili ndi aphunzitsi okhala pamthunzi kudikira phunziro lawo limodzi, pamene za kuseri kwa mapiri zikusowa. Chifukwa chake mukuchidziwa: kulibe nyumba, chipatala chili kutali, malipiro amakatengedwa kuboma ulendo wa tsiku lathunthu. Njerwa ife tiumba, takhala tikuumba. Malata ndi simenti ndi zimene zimatikanika.

Za kukoleji ndinenepo pang'ono. Achinyamata amene amabwera kudzayeserera pasukulu yathu amadziwa kulemba sikimu ndi dongosolo la phunziro mwaukhondo kuposa mmene ife tinkalembera. Koma ndikawafunsa kuti mwana akamasokoneza b ndi d mumatani, kapena mungadziwe bwanji m'mphindi imodzi kuti mwana uyu akuwerenga ndipo uyu akuloweza, ambiri amasowa chonena. Amaphunzira za kalasi ya ana 40 okhala pamadesiki, n'kudzapeza ana 120 pafumbi. Aphunzitsi a m'makoleji azipita okha kukagwira kalasi yotere sabata imodzi pachaka, kuti zimene akuphunzitsa zikhale zoyesedwa pa ana enieni a kumudzi. Ndipo wophunzira asatuluke kukoleji asanaonetse kuti watenga ana angapo osadziwa lembo n'kuwafikitsa powerenga mawu.

Koma maphunziro opindulitsa kwambiri ndi a pasukulu pomwepo, ngati amene ndinalandira kwa mayi uja. Alangizi a zamaphunziro a m'mazoni, a PEA, ndi amene anayenera kuchita ntchitoyi. Mlangizi mmodzi ali ndi sukulu khumi kapena kuposa, njinga yamoto yopanda mafuta, ndi mafomu osatha ofuna kutumizidwa kuboma. Akafika pasukulu amaona kaundula, sikimu ndi zimbudzi, n'kusaina m'buku la alendo dzuwa lisanapendeke. Ndalama imene imathera pa misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, ya malo ogona ndi ma alawansi a anthu amene sadzaimanso pamaso pa mwana wa zaka 6, ingagule mafuta ambiri ndi njinga zakapalasa. Pa sukulu zitatu kapena zinayi zoyandikana sipalephera kupezeka mphunzitsi mmodzi amene ana ake amawerenga. Aliyense m'zoni amamudziwa. Mupezeni ameneyo, mumuchepetsere ntchito tsiku limodzi pasabata, mumupatse njinga, azikakhala kumbuyo kwa makalasi a anzake monga mnzawo, wopanda fomu yowapezera zifukwa. Aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 3 azikumana masana amodzi pasabata, wina n'kuphunzitsa phunziro la mawa pamaso pa anzake, n'kukonzana. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri m'midzimu, ndipo ambiri mwa ife tingabwere mutangotiitana.

Nkhani ya chilankhulo nayo ikusokoneza aphunzitsi. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Mphunzitsi wa kumudzi amadziwa kuti ana ake sakumva, choncho amafotokoza m'Chichewa, koma mlendo akalowa amatembenukira ku Chingerezi ndipo ana amabwerera ku kuloweza. Makolo tonse tikufuna ana athu adziwe Chingerezi. Zimene ndinaona pa zaka zanga zonse n'zakuti amene anayamba wagwira kuwerenga m'chilankhulo chimene amalotera ndi amene Chingerezi chinamuvuta pang'ono. Ndipo tisaiwale kuti mwana wa ku Mangochi wolankhula Chiyao, wa ku Rumphi wolankhula Chitumbuka, wa ku Nsanje wolankhula Chisena, amakumana ndi Chichewa chomwecho ngati chilankhulo chachiwiri. Mphunzitsi wotumizidwa kumeneko akonzekeretsedwe, aloledwe poyera kugwiritsa ntchito chilankhulo cha anawo ngati mlatho.

Tsopano za ife a kumudzi. Chiyambire 1994 takhala tikuuzidwa kuti sukulu ndi yathu. Tikafunsa kuti tichite chiyani, yankho limakhala lomwelija: umbani njerwa, tutani mchenga, bweretsani nkhuni za phala, sonkhani ya mlonda. Zonsezi tachita. Koma palibe tsiku limene komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) kapena gulu la amayi linaitanidwa n'kuuzidwa kuti mwa ana a Sitandade 2 awa, owerenga ndi awa, osawerenga ndi awa. Kholo limalandira kapepala kolembedwa kuti mwana wakhala nambala 15, wakhoza. Limakondwa, mwina n'kupha nkhuku. Silidziwa kuti nambala 15 uja sangathe kuwerenga kalata ya kuchipatala. Anthu ena amati makolo a kumudzi sasamala za sukulu. Ine ndawaona akugulitsa ndowa ya mtedza kuti agule yunifolomu. Chimene sanauzidwe ndi chimene ayenera kuyang'anira.

Nditabwera ndi nkhani ya mtsikana wa Sitandade 4 uja kumsonkhano wa komiti, a nyakwawa anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti takhala tikulondera nkhokwe yopanda chimanga." Anaitanitsa msonkhano wa mudzi. Tinagwirizana kuti Lachiwiri ndi Lachisanu masana ana a Sitandade 1 mpaka 4 azikumana pabwalo. Tinapeza atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi amene analemba Fomu 4 n'kukhala pakhomo. Ndinawasonyeza zimene anandisonyeza mayi uja. Tinapempha makatoni kwa a magolosale, tinadula timakadi, n'kulembapo maphatikizo ndi makala osakaniza ndi madzi pamene inki inatha. Ana timawagawa potengera pamene afika, osati kalasi yawo: osadziwa malembo paokha, ophatikiza paokha, owerenga ziganizo paokha. Wa Sitandade 4 amakhala ndi wa Sitandade 1 ngati onse akakamira pa lembo limodzi, ndipo tinaletsa kusekana.

Pabwalopo pamabwera agogo ena aakazi amene sanapondepo m'kalasi. Amakhala pamkeka n'kumasenda chimanga kapena kutongola mtedza. Mdzukulu wawo akamawerenga, iwo amamvetsera, ndipo akamva mawu osamveka amati, "Bwereza, palibe Chichewa chotero." Mwanayo amabwerera n'kupeza pamene analumpha phatikizo. Agogowa sadziwa lembo ngakhale limodzi, koma chilankhulocho ndi chawo, ndipo khutu lawo limagwira cholakwa msanga kuposa mphunzitsi wotopa. Kholo lililonse lingachite zimenezi madzulo nsima ili pamoto, mwana atakhala ndi choti awerenge.

Apa m'pamene tagwa. Choti awerenge palibe. Mabuku amene alipo pasukulu ndi ochepa, ana anayi kapena asanu pa buku limodzi, ndipo wokhala kumapeto amaliona chozondoka. Ndinaonapo pasukulu ina makatoni a mabuku atsopano atatsekeredwa mu ofesi, chiswe chitayamba kale ntchito yake, chifukwa mphunzitsi wamkulu ankaopa kuti akang'ambika kapena kusowa adzafunsidwa. Lembani kalata yomveka kwa ahedi onse kuti buku long'ambika m'manja mwa mwana si mlandu, ndipo ana aziloledwa kupita nalo kunyumba. Kupatula apo tikufuna timabuku ta nthano tating'onoting'ono, ta masamba asanu ndi atatu, ta pepala lotchipa, tambirimbiri. A Malawi Institute of Education ku Domasi ali ndi akatswiri, olemba Chichewa ali ponseponse, nthano zili ndi agogo athu. Nthambi za National Library Service zili m'matauni ndi m'maboma, mwana wa kwathu sadzafikako. Bokosi limodzi lachitsulo lokhala ndi timabuku 100, losungidwa kwa amfumu kapena kutchalitchi kapena kumzikiti, lingasinthe mudzi wonse.

Ndamva za matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu a ndondomeko ya BEFIT amene akufika m'sukulu zambiri, ndipo amene awaona akuti ana amawakonda. Ndikuwalandira ndi manja awiri. Pempho langa n'lakuti asakhale chifukwa choiwalira mphunzitsi, pakuti mwana akabweza tabuleti m'kabati amabwerera kwa munthu yemwe uja, ndipo kunyumba amapita chimanjamanja.

Mafumu ali ndi mphamvu imene unduna sunaigwiritse ntchito mokwanira. Kuno kwathu, monga m'madera ena a Achewa, akuluakulu a dambwe anavomera kuti gule azituluka m'mawa kuperekeza ana ojomba kusukulu, ndipo zinamwali zinasunthidwira nthawi ya tchuthi. Izi zinatheka chifukwa mafumu anakambirana okha. Koma gule akhoza kufikitsa mwana pakhomo la kalasi basi. Ngati m'katimo mwana akhala miyezi itatu osamva dzina lake likutchulidwa, adzathawanso, ndipo kholo lidzati kuli bwino akalondere mbalame kumunda. Mafumu auzidwe zotsatira za kuwerenga m'midzi yawo teremu iliyonse. Mudzaona mmene adzalimbikire, pakuti palibe mfumu imene imafuna kumva kuti ana a mudzi woyandikana nawo akuwerenga pamene ake ayi.

Ndisabise, ntchito yodzipereka imatopetsa. Mwa achinyamata athu atatu aja, mnyamatayo wapita kale ku Joni kukasaka ganyu, ndipo sindingamuletse. Ndalama ya SIG, imene boma limatumiza kusukulu kuti itukulire sukuluyo, ndi yochepa, imafika mochedwa, ndipo ikafika imathera pa choko ndi kukonza zitseko. Tiloleni, ndipo tiwonjezereni, kuti gawo lina lizigulira sopo achinyamata otere, ndipo amene watumikira zaka ziwiri aziganiziridwa polowa kukoleji ya uphunzitsi. Njala nayo ndi mdani wa kuwerenga. Januwale ndi Febuluwale akafika, pabwalo pathu pamatsala ana ochepa, ena ali kuganyu ndi makolo, ena agona ndi m'mimba mopanda kanthu. Kumene kuli phala, kaya la Mary's Meals amene anayamba ntchito yawo m'dziko muno mu 2002, kaya la mabungwe ena, kaya la munda wa sukulu, ana sajomba chotero. Sukulu zimene zili kumunsi pa kuwerenga zikhale zoyamba kulandira phala.

Musaiwalenso ana amene anadutsa m'mavuto a zaka zapitazi. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 kwa miyezi yoposa isanu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa makalasi m'chigawo chakummwera, sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku anapita ndi matope. Ana amene anali m'Sitandade 1 ndi 2 nthawi zimenezo anangokwezedwa, ndipo lero ali m'makalasi apamwamba ndi dzenje lomwelo. Silabasi siibwerera m'mbuyo kukawatenga. Lolani sukulu kupatula ola limodzi patsiku loti mwana aliyense wa Sitandade 3 mpaka 6 amene sakuwerenga abwerere ku maphatikizo popanda manyazi, ndipo mphunzitsi asadzudzulidwe kuti watsalira pa sikimu.

Chomaliza chimene ndikupempha sichifuna ndalama ya wopereka thandizo aliyense. Pakutha pa teremu iliyonse, mwana aliyense wa Sitandade 2 akhale pansi ndi mphunzitsi ndi munthu mmodzi wa m'komiti, awerenge kandime kamene sanakaonepo kwa mphindi imodzi. Pasakhale khamu loonerera, pasakhale kuchititsa mwana manyazi. Chiwerengero cha owerenga ndi osawerenga chilembedwe pabolodi la ofesi, chinenedwe pamsonkhano wa makolo, chitumizidwe kuzoni ndi kuboma. Sukulu imene yatsalira ilandire mlangizi, mabuku ndi mphunzitsi wowonjezera, osati kalata yokalipira, chifukwa mukayamba kulanga, ziwerengero zidzayamba kunama.

Mtsikana uja amabwera pabwalo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, atatha kutunga madzi. Zinamutengera masabata asanu ndi limodzi kuti adutse dz, ts ndi nkh. Sabata yatha anawerengera amayi ake zimene zinalembedwa m'buku la kusikelo la mng'ono wake, tsiku loti abwererenso kukabayitsa katemera. Koma iye ndi mmodzi mwa amene tinawapeza, m'mudzi umodzi, chifukwa choti munthu wina anakhala naye pansi pa mtengo. M'midzi ina ya sukulu yathu yomweyi sitinafikeko.

A Nduna, mukadzakhala ndi ulendo wa m'chigawo chapakati, patukani pa sukulu iliyonse ya kutali ndi tala, osatumiza uthenga, kuti tisasese bwalo ndi kuphunzitsa ana nyimbo yokulandirani. Mudzalowe m'Sitandade 1 m'mawa, mukhale kumbuyo pamodzi ndi ana a mzere womaliza mpaka phunziro lithe. Mukatero mudzaitane mwana mmodzi wa Sitandade 4, mumutsegulire buku, muloze mawu a pakati pa tsamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, membala wa komiti ya sukulu